Mpox mukuisiyanitsa bwanji ndi katsabola musanaone zotsatira za labu?

Anzanga a zaumoyo, ndithandizeni nzeru. Ndine namwino pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo chiyambire pomwe mpox inapezeka ku Lilongwe mu Epulo 2025, aliyense wobwera ndi matuza akutiimitsa mitu.

Zimene tinaphunzira za zizindikiro za mpox ndikuzikumbukira: mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, matuza olimba okhala ndi kadzenje pakati, ofika mpaka m'zikhatho ndi kumapazi, ndipo amakula pamodzi, pomwe a katsabola ena amauma ena akungotuluka kumene. Koma odwala sabwera ngati m'buku. Sabata yatha kunabwera bambo wina ali ndi zilonda zitatu zokha kumaliseche, thupi silikutentha n'komwe. Poyamba aliyense anaganiza za chindoko. Tinatenga sampulo pachilonda kuti akayeze PCR (kuyeza kwa ku labu kofufuza kachilombo koyambitsa nthendayi), koma zotsatira sizibwera tsiku lomwelo, ndipo chipinda chopatulira odwala tili nacho chimodzi.

Inu amene mwasamalirapo odwala a mpox ogonekedwa, chimakupangitsani kunena kuti uyu asabwerere kunyumba ndi chiyani? Kuchuluka kwa zilonda, kulephera kumeza, kapena zilonda za m'maso? Nanga amene ali ndi HIV koma anasiya kumwa ma ARV mumawagoneka onse?

Vuto lina ndi la magadiyani. Amachapa zofunda za wodwala ndi manja, kenako madzulo amakagona pamodzi ndi ana kunyumba. Mumawatsata bwanji masiku 21 aja oyang'anira anthu amene akhudzana ndi wodwala ngati alibe foni?