Kodi n'zachibadwa kuti chisoni chikule munthu akayamba kulandira uphungu?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene munalandirapo uphungu wa zamaganizo, komanso kwa inu amene mumagwira ntchito imeneyi.

Bambo anga anamwalira zaka ziwiri zapitazo tisanakhululukirane, ndipo pa maliro awo sindinagwetse msozi ngakhale umodzi, chifukwa ndinali kalikiliki ndi za bokosi ndiponso chakudya cha anthu obwera kusiwa. Miyezi itatu yapitayi ndinayamba kuonana ndi alangizi kamodzi pa sabata. Iwo amatsatira njira imene Leslie Greenberg wa ku York University ku Canada anathandiza kuyambitsa m'zaka za m'ma 1980, yomwe imaphunzitsa kuti mkwiyo kawirikawiri umaphimba chisoni kapena manyazi, ndiponso kuti mtima susintha pongoumiriza maganizo abwino, koma munthu akalola kumva zimene anazikwirira.

Sabata yatha anaika mpando wopanda munthu patsogolo panga, n'kundipempha kuti ndilankhule ngati bambo akhala pamenepo. Ndinayamba n'kuwakalipira, koma mawu anandithera pakhosi, manja ananjenjemera, ndipo ndinalira mpaka malaya ananyowa pachifuwa. Chiyambire tsiku limenelo tulo sitikubwera, ngakhale nsima siikulowa bwino.

Kodi kulemedwa mtima kotereku kumasonyeza kuti bala layamba kupola, kapena tikuthamanga kwambiri? Inu amene munadutsamo, munazindikira bwanji kuti mkwiyo wayamba kuphwa? Ndikufunanso kudziwa mmene ndingawauzire alangiziwa kuti tiyende pang'onopang'ono, popanda iwo kuganiza kuti ndikufuna kusiya.