Tizidutswa ta bulangete la khanda sitikulingana, ndithandizeni nzeru

Moni nonse. Tilipo amayi asanu ndi mmodzi amene timakumana Loweruka lililonse n'kumaluka. Mnzathu wina ndi woyembekezera, watsala ndi miyezi iwiri, ndiye asanufe tinapangana zomulukira bulangete la mwana iye osadziwa. Aliyense analuka tizidutswa 6 ta masentimita 15 mbali zonse, kuti tonse tikhale 30, bulangete likwane masentimita 75 m'lifupi ndi 90 m'litali. Ulusi ndi wa acrylic, singano za 4 mm.

Dzulo ndinatiyala pabedi. Ta anayife tili bwino, koma ta mayi wamkulu wa gulu lathu tafika masentimita 18, ndipo n'totayirira moti kachala kanga kakumapeto kakulowa pakati pa masitichi. Mayiwa ndi amene anandiphunzitsa kugwira singano. Masiku ano zala zimawapweteka, analuka masabata atatu, ndipo anabwera nato atatikulunga bwinobwino m'kansalu koyera. Pakamwa panga sipangatuluke mawu oti akamasule. Ndilumikize bwanji kuti bulangete lisakwinyike?

Mayankho

— Achemwali, musataye nthawi kutinyika m'madzi kuti tichepe. Acrylic sabwerera ngati ubweya wa nkhosa. Ndipo musayerekeze kuikapo simbi yamoto, amasungunuka.

— Tawerengani bwino. Tizidutswa tawo 5 ta 18 tikupanga 90, chimodzimodzi tanu 6 ta 15. Lumikizani tawo tisanu tikhale mzere umodzi wautali, muuike pakati, mizere iwiri uku, iwiri uku. Ngodya sizikumana ayi, koma ziwoneka ngati munachita kufuna. Bulangete lingokula pang'ono, 78 m'malo mwa 75. Posoka, yambani mwabaya mapini kumapeto konse ndi pakati, apo ayi mbali imodzi ikutherani msanga.

— Ine nkhawa yanga ndi mabowowo. Tizala ta khanda timakodwa mosavuta. Sokereranimo nsalu yofewa ya thonje kumbuyo, koma muyambe mwaichapa chifukwa thonje limabwerera. Mphonje ndi mikanda ayi. Mumuuzenso mnzanuyo kuti madokotala a ana amalangiza kuti mwana wosakwana chaka asagonekedwe ndi bulangete lotayirira limene lingamuphimbe kumaso. Likhale lomufunditsa atanyamulidwa.

— Bwanji osangowauza zoona? Munthu amene waluka zaka zambiri amadziwa yekha kuti dzanja lake lasintha. Mwina n'kutheka akudikira kuti wina awauze.

— Zikomo nonse. Amayi mwanena za mzere wa pakati, ndayesa kuyala motero ndipo zakwanadi, mpaka misozi inalengeza. Zowauza ndaganizapo usiku wonse, koma ayi. Ndinawaona akupumitsa manja pamiyendo akamaliza mzere uliwonse, ndipo sindikufuna Loweruka likubwerali asiye singano kunyumba chifukwa cha ine. Funso lina: kadutswa kawo kamodzi katsala, komanso ulusi wa m'mphepete wandithera.

— Mukamakagula wina, tengani kapepala kamene kanakulunga ulusi woyambawo. Pamakhala nambala ya mtundu ndi ina ya gulu limene unanyikidwira limodzi. Yachiwiriyo ikasiyana, mtundu umasiyananso pang'ono, ndipo padzuwa zimaoneka. Mukausowa, sankhani mtundu wosiyaniratu. Kadutswa kotsalako kapindeni pakati, musoke m'mbali ziwiri, kakhale kathumba koikamo kalata imene nonse asanu musainepo.