Ndikakokera fomula pansi, mitengo ya ZiG ikusanduka ziro

Kalaliki wa sitolo, Harare: Akuluakulu, ndithandizeni. Kuno kuyambira 2009 anthu anazolowera dola ya ku America, koma abwana akufuna katundu aliyense alembedwe mitengo iwiri, ya dola ndi ya ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe. Mu Excel, reti yosinthira dola ndaika mu selo B1, mitengo ya dola ili mu kolamu C kuyambira mzere wa 4. Ndalemba =C4*B1, yatuluka bwinobwino. Kungokokera pansi, mzere wotsatira ziro, enawo #VALUE! okhaokha. Ndalakwitsa pati?

Akauntanti, Limbe: Achemwali, dinani pa mzere wa 5 muone, mupeza yasanduka =C5*B2. Excel ikutsitsa zonse ziwiri. B2 mulibe kanthu, ndiye ziro uyo. M'munsimo muli mayina a katundu, ndipo dzina silichulukitsidwa. Lembani =C4*$B$1, kapena dinani pa B1 mu fomulamo n'kusindikiza batani la F4. Ikatero yakhomeredwa, sisunthanso.

Harare: Zatheka! Ine ndimayesa chizindikiro cha $ chija ndi cha ndalama, ndinkachiopa.

Limbe: Aaa ayi, ndi msomali chabe. Ngakhale mukuwerengera makwacha chimakhala chomwecho.

Woona za ndalama ku bungwe, Lilongwe: Pa mndandanda wa mitengo ndi momwemo. Koma chonde musatengere nzeruyi ku buku la zogulitsa. Ine zinandionekera mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndinasintha selo imodzi yokhomeredwa ija, malisiti onse kuyambira January anafufuma ngati mandasi. Lipoti linali litatsala pang'ono kupita kwa otipatsa thandizo, ndinachezera usiku wonse kufufuza reti ya tsiku lililonse. Inunso kumeneko ZiG inayamba pa 13.56 pa dola imodzi mu April 2024, pofika kumapeto kwa September inadutsa 24. Lisiti lililonse likhale ndi reti ya tsiku lake pa mzere wake, yolembedwa ndi manja kapena yokokedwa pa tebulo la madeti ndi VLOOKUP, fomula yofufuzira zinthu mu tebulo.

Limbe: Zoona, amayi. Tebulolo ndiye lofunika kukhomera, monga $H$2:$I$400, madeti mwandondomeko kuyambira lakale.

Harare: Ndiye kuti buku la mwezi watha ndaliononga kale. Ndikaona ngati kope la Lachisanu lidakali pa fulashi.