Thandizeni: ndimange chiyani pafupi ndi siteji ku Chinamwali?

Abale anga, ndili ndi kapuloti ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, kufupi ndi msewu wa M3, pomwe minibasi ndi akabaza amaima. Njerwa ndinaumba kale, koma mtima ukukana kuyamba ndisanamve kwa inu odziwa za mapulani a mizinda.

Chimene chandisokoneza ndi ulendo wanga wa ku Dar es Salaam kokaoda katundu. Ndinakwera mabasi othamanga a mumzinda otchedwa mwendokasi, amene anayamba mu 2016, kuchokera ku Kimara mpaka ku Kivukoni. Ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, ndipo khamu lonse limatsikira pa siteji. Nako ku Curitiba, m'dziko la Brazil, komwe kulinso mabasi otere, akuluakulu a mzinda anachita kulamula kuti nyumba zitalizitali zosanja zimangidwe m'mbali mwa njira ya mabasi, zing'onozing'ono zikhale kutali, kuti anthu ambiri azifika pa siteji wapansi.

Kuno ku Zomba tilibe zoterezi, komabe nzeru yake yandigwira mtima. Ndikulakalaka mashopu pansi, zipinda za lendi pamwamba, makamaka za ophunzira a ku yunivesite.

Ndiye funso langa: puloti yomwe inalembedwa kuti ndi ya nyumba yogona, ingasinthidwe kukhala ya malonda? Ndiyambire ku khonsolo ya mzinda kapena ku ofesi ya za malo? Nanga ndisiye mamita angati kuchokera pa msewu? Ndikuopa kudzagumulidwa akamakuza msewu. Ngalande nazo zikundidetsa nkhawa, poti madzi otsika m'phiri nthawi ya dzinja ndi ambiri. Amene munadutsamo kale, chonde ndiuzeni.