Ndinatapa ndalama za amayi a mpingo, Mgonero uli Lamulungu likubwerali, nditani?

A admin chonde bisani dzina. Abale anga mwa Ambuye ndithandizeni nzeru, tulo sindikugona. Ine ndi msungichuma wa amayi kumpingo kwathu, chaka chachitatu tsopano. Ndalama zomwe timasonkha Lachinayi zoyendera odwala ndi zachipepeso pamaliro zimakhala kwa ine, zina pa Airtel Money zina mu envelopu pansi pa sutikesi. Mu January mwana wanga wa fomu 3 anamubweza kusukulu kamba ka fizi, bambo akunyumba ntchito inawathera kalekale, ndiye ndinatapako K150,000 ndikudziuza kuti ndikangomasula belo la kaunjika ndibweza palibe adziwe. Belo lija kumasula, majuzi okhaokha nthawi yotentha, mpaka lero ena ali m'thumba. Ndabwezako K60,000 yokha basi.

Sabata yatha mnzathu wina anataya amuna ake, amayi apampando anati ndipereke K40,000 yachipepeso, ndinachita kukakongola kwa aneba kuti zisaonekere. Lipoti la chuma ndi mwezi wamawa koma chikundipweteka kwambiri ndi Mgonero. Abusa anawerenga 1 Akorinto 11 pamene pakuti munthu adziyese yekha asanadye mkate, ine thukuta kamukamu ngati akundiyang'ana ndekha. Ndikakhala osadya aliyense afunsa kuti mayiwa alakwa chani, ndikadya mtima ukunditsutsa. Ndikuganiza zotenga katapila nditseke dzenjelo mwakachetechete kenako ndilape kwa Mulungu pandekha. Kodi pamenepo ndalakwa?

Mayi wina wa ku Area 25: Amayi katapila ayi ndithu!! Mutenga 90 pin mwezi ukatha akufuna 135, mudzatapanso mu envelopu yomweyo. Ndinaziona kwa mchemwali wanga, firiji inapita.

Bambo wina: Tisanamizane apa, kubwereka mwini wake osadziwa ndi kuba. Luka 16:10 akuti wokhulupirika m'chaching'ono ndi wokhulupirikanso m'chachikulu. Tulani pansi udindo.

Mayi wina wa ku Zomba: Bambo inu mwalankhula zoona koma mwaiponya ngati mwala. Munthu wabwera yekha kudzafunsa, chikumbumtima chake chikadali moyo. Achemwali, werengani Mateyu 5:23-24, mphatso imasiyidwa paguwa munthu nkuyamba wakayanjana ndi m'bale wake. Ndalamazo si za Mulungu yekha ayi, ndi za amayi aja amasonkha ma K500 atagulitsa mandasi, ndiye kulapa kuchipinda kokha sikukwana. Pitani kwa amayi busa lisanafike Loweruka, mutenge kope la ndalama, muwaonetse zomwe munatapa ndi zomwe mwabweza, munene kuti yotsalayo muzipereka zingati pamwezi. Za Mgonero akuuzani iwowo ndi akulu ampingo. Manyazi alipo inde koma lipoti likakugwirani lokha mwezi wamawa ndiye manyazi ake ena.

Mnyamata wina ali ku Johannesburg: Komanso gulu lanulo likulakwitsa, ndalama za anthu zimakhala bwanji mu sutikesi ya munthu mmodzi zaka zitatu? Tsegulani akaunti osainira akhale atatu. Ngakhale ine mutandisungitsa, tsiku la njala ndingatape kkkk

Mayi wina: Nanga bambo akunyumba akudziwa? Yambirani pamenepo.

Mwini funso: Zikomo nonse, ngakhale bambo aja mwandilasa koma ndamva. Bambo akunyumba sakudziwa, ankaganiza kuti fizi inachokera ku banki m'khonde, ndiwauza usiku uno ana akagona. Amayi busa ndawaimbira akuti ndipite Lachisanu 3 koloko. Miyendo ikunjenjemera, mundikumbukire m'mapemphero. Komanso amene akufuna majuzi a ana a zaka 5 mpaka 10 andipeze ku inbox kudzera kwa a admin, ndikugulitsa motchipa ndithu.