Za ulendo wa ku Dublin pa ukwati wa mwana wathu

Malume a ku London: Moni nonse abale. Popeza tsiku la ukwati latsimikizika, ndikupempha kuti lero timange chimodzi pa za kayendedwe. Kuchokera kuno ku London kukafika ku Dublin ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 460, ndipo ndege imatenga ola limodzi ndi mphindi ngati 20. Nthawi ya mizinda iwiriyi ndi imodzi, choncho palibe zosintha wotchi.

Azakhali: Zikomo achimwene, koma ola limodzilo lisatinamize. Ndege zotsika mtengo za Ryanair zambiri zimanyamukira ku bwalo la ndege la Stansted, kumene sitima yochokera ku siteshoni ya Liverpool Street mu London imatenga mphindi pafupifupi 50, ndipo pabwalo la ndege tiyenera kufikapo patatsala maola awiri. Mukaphatikiza zonsezi ndi kudikira katundu ku Dublin, theka la tsiku latha. Nkhawa yanga ili pa amayi, amene mawondo awo salola kuimirira nthawi yaitali pamzere atanyamula chikwama.

Mlamu: Ndiloleni ndinenepo, azakhali. Pali njira ina yokwera sitima ya pamtunda ku siteshoni ya Euston mu London mpaka ku Holyhead, ku Wales, ulendo wa maola pafupifupi 4, kenako sitima ya pamadzi ya Irish Ferries kapena Stena Line yomwe imawoloka nyanja kwa maola atatu ndi mphindi zochepa. Ndi tsiku lathunthu, komabe tikapita pa galimoto mpaka ku Holyhead n'kuikweza m'sitima ya pamadziyo, tinganyamule zitenje za yunifomu, miphika ndi mphatso zonse popanda kulipira sutikesi iliyonse payokha.

Achimwene a ku Dublin: Tisanafike pa matikiti, pali nkhani yaikulu imene sitinaikhudze. Ufulu woyenda momasuka pakati pa mayiko awiriwa ndi wa nzika za Britain ndi Ireland zokha. Agogo abwera ndi pasipoti ya Malawi, ndipo visa yawo ya Britain siiwalowetsa kuno; ayenera kupempha visa ya Ireland. Zimenezi sizitheka tsiku limodzi, ndiye tiyambe sabata ino. Ine ndilemba kalata yowaitana. Kumbukiraninso kuti kuno timagwiritsa ntchito yuro, ndiponso kuti chichokereni Britain mu European Union, nyama ndi za mkaka sizololedwa kulowa nazo.

Azakhali: Mwachita bwino kutikumbutsa, mwanangu. Amayi akakamizika kutsala chifukwa cha pepala, ukwatiwo udzandiwawa mtima, pakuti mwanayu anakulira m'manja mwawo.

Malume a ku London: Ndamva zonse, ndipo maganizo anga ndi akuti tigawikane pawiri. Amayi akwere ndege ya Aer Lingus kuchokera ku Heathrow pamodzi ndi achemwali, ngakhale tikitiyo ikwere mtengo pang'ono, ndipo pogula tipemphiretu njinga ya olumala yowanyamula pabwalo. Alamu ndi anyamata apite pa galimoto ndi katundu kudzera ku Holyhead, anyamuke kutatsala masiku awiri chifukwa nyanja ikawinduka sitima zimachedwa.

Achimwene a ku Dublin: Ndagwirizana nazo, malume. Bwalo la ndege lili makilomita pafupifupi 10 kumpoto kwa mzinda, ndipo agogo ndidzawachingamira ndekha. Tikiti yawo isagulidwe mpaka visa itatuluka.

Mlamu: Zamveka. Aliyense anditumizire zopereka zake za mafuta ndi sitima pofika Lachisanu.