Makina oyezera makutu a OAE akalemba "refer" pa khanda, kodi mwanayo ndi wosamva?

Namwino wa ku wodi ya makanda:
Akuluakulu, makanda ambiri oyezedwa makutu tsiku lobadwa akulembedwa "refer", kutanthauza kuti sanapambane, ayezedwenso. Kodi onsewa ndi osamva, kapena tikuphonya penapake?

Woyeza makutu:
Ayi anamwino, musawadandaulitse msanga amayiwo. Kansonga ka makinawa kolowa m'khutu kamatumiza kaphokoso, kenako kamamvetsera yankho lochokera ku timaselo tonga tsitsi ta mu cochlea, kachiwalo konga nkhono ka mkatikati mwa khutu. Yankholo ndi lofooka kwambiri. Khanda la tsiku limodzi limakhala lidakali ndi madzi a m'chiberekero ndi zoyera zomata zija m'khutu, ndiye phokoso limatsekeka popita ndi pobwera pomwe.

Dikirani padutse maola 24, bola 48. Yezani mwana atayamwa n'kugona, osati akuyamwa, chifukwa kumeza kumasokoneza. Zimitsani fani ndi wailesi. Sankhani kalabala kovekera kansonga kothina bwino, kokerani khutu kumbuyo pang'ono polowetsa, kenako chotsani dzanja. Mukagwirira, chingwe chimachita phokoso. Onaninso ngati timabowo ta kansonga sitinatsekeke ndi phula. Makina ambiri amafuna yankho loposa phokoso lozungulira ndi 6 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) pa magawo atatu mwa anayi, pakati pa 2000 ndi 5000 Hz (muyeso wa kukwera kwa liwu). Koma zobwereza kakhumi mpaka "pass" (kupambana) ituluke, ayi, imatha kutuluka mwangozi.

Wa za mphuno, makutu ndi kukhosi:
Zikakanikanso, onani khutu lapakati ndi tympanometer, makina oyeza mmene nembanemba ya m'khutu ikugwederera. Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika tympanometer ya 1000 Hz. Ya 226 Hz imanama kuti zonse zili bwino madzi alimo, poti ngalande ya khutu la khanda ndi yofewa.

Woyeza makutu wachiwiri:
Ine chondiopsa si "refer" koma "pass". OAE siyeza mtsempha wopita ku ubongo. Mwana amene anadwala chikasu kwambiri, wobadwa masiku asanakwane, kapena wogonekedwa masiku opitirira 5 ku chipinda cha makanda odwalitsitsa, cochlea ikhoza kuyankha bwino mtsempha usakugwira ntchito. Ameneyu ayezedwe ndi ABR, yoyeza mtsemphawo, yomata timawaya pachipumi ndi kuseri kwa makutu. Wolandira mankhwala opha mabakiteriya a gentamicin kapena wodwala matenda oumitsa khosi ayezedwenso pambuyo pake, ngakhale poyamba anapambana.

Kuyeza koyamba kuchitike mwezi usanathe, kutsimikiza pofika miyezi 3, thandizo pofika miyezi 6. Wolephera kawiri mtumizeni ku Queens ku Blantyre kapena ku chipatala cha makutu cha ABC ku Lilongwe.